Nyumba ya pa maekala atatu kufupi ndi Chitakale

Loweruka. Lero ndinali ndi ntchito imene anandituma alamu anga a ku Johannesburg, yoti ndikawaonere nyumba ina imene ikugulitsidwa chakumtunda kwa Chitakale ku Mulanje, mukapatuka pang'ono pa msewu wopita ku Likhubula. Iwo anaiona pa Facebook ndipo anakopeka ndi mawu akuti ili pa malo okwana maekala atatu, poti cholinga chawo n'chakuti akadzapuma pa ntchito adzakhale pamalo poti angathe kuweta nkhuku ndi kulima ndiwo zamasamba popanda kupanikizana ndi anansi. Ndinapempha bambo wina amene wakhala akumanga nyumba kuno kwa zaka zambiri kuti tipitire limodzi, ndipo tinakumana ndi dobadoba wa nyumbayo pa siteji cha m'ma 9 koloko, kunja kukuwaza kamvula ka chiperoni.

Nyumbayo payokha siinatidyere nthawi. Ndi ya njerwa zootcha, ya zipinda zogona zinayi, ili ndi khonde lalikulu loyang'ana kuphiri ndiponso kanyumba ka antchito kumbuyo. Magetsi a ESCOM alipo ndipo madzi ndi a pampopi. Mmisiri uja anakwera m'siling'i ndi tochi n'kutsika ali ndi kachidutswa ka thabwa m'manja, ndipo atakafinya ndi zala kanangoyoyoka, chifukwa chiswe chinadya mkati monse n'kusiya khungu lokha. Anati mitanda ya mbali ya kukhitchini ndi yofunika kusintha pamodzi ndi malata ake, amene achita dzimbiri m'mabowo a misomali. Khoma lakum'mawa lili ndi ndere zobiriwira kuyambira pansi kufika m'chiuno, zomwe sizodabwitsa m'boma lino la mvula yambiri, koma iye anakanda pulasitala ndi kiyi n'kunena kuti chinyezicho chikuchokera m'maziko osati kudenga. Zonsezi ndi zotheka kukonza, ndipo mtengo wake munthu angathe kuuwerengera pa pepala.

Nkhani yeniyeni inayamba pamene ndinapempha kuti tiyende m'malire. Dobadoba anangotambasula mkono n'kunena kuti, “Bwana, kuyambira pa mango apo mpaka kumtsinje uko ndi kwanu konse,” koma ine ndinaumirira kuti tiyende ndi miyendo ndiponso kuti andionetse mabikoni, zizindikiro za malire a malowo. Awiri tinawapeza msanga kumbali ya msewu, timiyala ta simenti tokhala ndi kachitsulo pakati, ndipo wachitatu tinachita kumufukula pansi pa phata la nthochi. Chimene ndinaona n'chakuti bikoni wachitatuyo ali kutali ndithu ndi mtsinje, pamwamba pa chitunda, ndipo kuchokera pamenepo malo amatsetsereka kukafika ku dimba kumene kuli mizere ya chinangwa ndi nandolo. Nditafunsa kuti akulima kumeneko ndani, yankho linali lakuti ndi achibale amene angobwerekako, ndipo adzachoka malowo akagulidwa.

Mayi amene akugulitsa nyumbayo anatilandira bwino pakhonde ndipo sanabise zikalata. Lizi ya malowo, chikalata chimene boma limabwereketsera munthu malo, ndi ya zaka 99, yoyambira m'zaka za m'ma 1980, ndipo pa mapu ake palembedwa kuti malowo ndi hekitala 0.8. Hekitala imodzi ndi maekala awiri ndi theka kuchotsapo pang'ono, choncho zimene zili pa pepala ndi maekala awiri basi. Ekala yachitatu ija ndi ya kudimba, ndipo mayiwo anafotokoza kuti malemu bambo awo anapatsidwa ndi amfumu kuti azilimapo, popanda cholembedwa chilichonse. Kuno kwathu, kumene Alhomwe ndi Amang'anja ambiri amatsata chikamwini ndipo munda umayenda m'mbumba, mawu akuti achibale angobwereka ndi ofunika kuwamva ndi makutu awiri, pakuti amene akulimayo kawirikawiri amakhala akudziona ngati mwini, ndipo mwinimbumba amene sanafunsidwe amatulukira ndalama zitaperekedwa kale. Malamulo a malo a mu 2016 anatsegula njira yoti malo a kwa amfumu azilembetsedwa m'dzina la munthu kapena banja, koma dimba ili silinalembetsedwe. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo, ndipo ine ekala imeneyo sindikuiwerengera pa mtengo.

Ngakhale ikanakhala ndi zikalata, sindikukhulupirira kuti ikanakhala ya mtengo wofanana ndi ya kumtunda. M'mphepete mwa mtsinjewo muli miyala ikuluikulu yoyera, ina yaikulu kuposa ngolo, imene yakhala pamwamba pa dothi lofiira mosonyeza kuti ndi yobwera. Mnyamata wina amene amadula udzu chapafupi anandiuza kuti inatsika ndi madzi pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ndipo anandilozera pa tsinde la bulugamu pamene matope anafika. Aliyense wa ku Mulanje ndi ku Phalombe akudziwa zimene napolo anachita chaka chimenecho, ndipo kuyambira pamenepo munthu wanzeru akamaona malo a m'munsi mwa phiri amayamba wafunsa kumene madzi amadutsa asanafunse za kukongola kwa nsonga ya phiri ya Chambe ukaiona uli pakhonde. Mbali ya kumtunda, kumene kuli nyumba, mitengo ya mapeyala ndi bwalo lalikulu la kapinga, madzi sanafikeko, ndipo imeneyo ndi imene ili ndi phindu.

Vuto lina ndi la dzina. Lizi ikadali m'dzina la malemu, ndipo ana awo alipo asanu, ena ku Blantyre, wina kunja. Ndinafunsa mwaulemu kuti, “Mayi, kodi makalata a kukhoti okupatsani mphamvu yoyendetsa chuma cha masiye alipo?” Anayankha kuti achimwene awo aakulu ndi amene akuyendetsa zimenezo ndipo onse anagwirizana. Mwina n'zoona, ndipo nkhope yawo sinali ya munthu wachinyengo, komabe mgwirizano wa pakamwa susintha dzina ku ofesi ya za malo. Anavomeranso kuti sakudziwa ngati ndalama ya chaka ndi chaka imene mwini lizi amapereka ku boma yakhala ikulipidwa.

Madzulo ndinazungulira m'deralo kuti ndimve za mitengo, ndipo apa m'pamene pamafunika kuleza mtima. Aliyense amene mungamufunse amakuuzani mtengo umene wakutiwakuti akutchula, koma ndi ochepa amene amadziwa ndalama imene inaperekedwadi. Wogulitsa mugolosale ina anandilozera nyumba ziwiri zimene zakhala ndi chikwangwani chogulitsa kuyambira chaka chatha, ndipo anati eni ake amakweza mtengo nthawi iliyonse imene simenti yakwera, ngakhale kuti palibe amene wabwera ndi ndalama. Chiyambire pamene Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ogulitsa ambiri amawerengera zimene zingafunike kumanga nyumba yotero lero, pamene ogula a konkuno, omwe ndi aphunzitsi, anamwino, akalaliki a m'maesiteti a tiyi ndi amalonda opita ku Limbuli ndi ku Muloza, malipiro awo sanakwere mofanana. Zimene zikuyenda msanga ndi mapuloti ang'onoang'ono a pafupi ndi tala, poti munthu amagula n'kumamanga pang'onopang'ono.

Izi zili ndi mbali ziwiri kwa alamu anga. Malo aakulu a lizi ndi osowa kuno, chifukwa gawo lalikulu la nthaka yabwino lili pansi pa tiyi kuyambira nthawi ya atsamunda, ndipo anthu oposa 680,000 amene kalembera wa mu 2018 anawapeza m'boma lino akupanikizana pa malo otsalawo. Choncho maekala awiri ouma, okhala ndi magetsi ndi madzi, si chinthu chochipeputsa. Koma kusowa kwa malowo sikutanthauza kuti ogula ndi ambiri, pakuti amene angathe kutulutsa ndalama zochuluka chotero nthawi imodzi ndi owerengeka, ndipo lendi ya nyumba ya zipinda zinayi kuno singafanane ndi ya ku Namiwawa kapena ku Sunnyside mumzinda wa Blantyre. Dobadoba analimbikira kunena kuti malowo angathe kudulidwa mapuloti asanu ndi limodzi, ndiponso kuti alendo okwera phiri adzachuluka n'kufuna malo ogona. Zonsezo n'zotheka, koma kudula malo a lizi kumafuna chilolezo, woyeza malo wovomerezeka ndi msewu wolowera ku puloti iliyonse, ndipo sindikuona chifukwa choti wogula alipiriretu lero phindu limene adzachite kulivutikira yekha.

Usiku uno ndawaimbira alamu ndipo ndawauza kuti asatumize ngakhale ya chikole. Ndawalangiza kuti mtengo ukambidwe pa maekala awiri a pa lizi, kuchotsapo ndalama ya denga ndi ya khoma lija, ndipo kuti apeze katswiri wovomerezeka woyesa mtengo wa nyumba, amene lipoti lake ngakhale banki ingalilandire. Iwo anadandaula pang'ono za dimba, poti m'maganizo mwawo anali atadzalamo kale kabichi. Lolemba ndipita ku Blantyre kukafufuza za liziyo ku ofesi ya za malo, kuti ndione ngati siinaperekedwe ngati chikole cha ngongole, ndipo mayi aja alonjeza kuti pofika Lachitatu adzakhala atalankhula ndi achimwene awo za makalata a kukhoti.