Makutu anayi pa felemu 38: pamene ndafika ndi kanema wa agogo

Ntchito yanga yosandutsa zithunzi yafika pa kanema woyenda tsopano, ndiye ndati ndilembe ndisanaiwale zomwe zandidyera tulo miyezi yapitayi. Kwa inu amene mwangondipeza kumene, chomwe ndimachita ndi ichi: ndimatenga nkhope ya munthu mmodzi n'kuisandutsa ya munthu wina pang'onopang'ono, maso akuona, popanda podukira. Ndimachita usiku ndikaweruka ndi Lamlungu masana, pa laputopu yakale yomwe ndinagula kwa mnyamata wina wokonza mafoni kuno ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg. Poyamba ndinkangoseweretsa nkhope za anzanga, mpaka amalume anamva. Mu Disembala abale akukavundukula chiliza cha agogo aamuna kumudzi ku Dedza, ndipo amalume anangoti, "Iwe ndiwe wa makompyuta, utipangire choonetsa anthu." Ndinasankha kuika mibadwo inayi pamzere umodzi: agogo asanduke bambo, bambo asanduke achimwene, achimwene asanduke mwana wawo wamwamuna.

Chithunzi cha agogo chilipo chimodzi chokha. Anajambulitsa ali mnyamata pokonzekera kubwera kumigodi ya kuno nthawi ya Wenela, Kamuzu asanaimitse maulendowo mu 1974 ndege yonyamula anthu akwathu itagwa ku Francistown. N'cha saizi ya pasipoti, chakuda ndi choyera basi, ndipo kona imodzi inadyeka ndi chinyontho. Azakhali anayamba anditumizira pa WhatsApp atachijambula ndi foni chili pamphasa, dzuwa litawala pamphumi penipeni. Ndinawachonderera mpaka analola kuchiika mu emvulopu n'kupatsira mlamu wanga amene ankabwerera ku Johannesburg pa basi, njira ija ya Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge. Basi isanafike n'komwe ku Harare, azakhali anali atayamba kale kuimba kufunsa ngati chafika.

Mukapita kukasikanitsa kachithunzi kotere, nenani nokha nambala yomwe mukufuna, chifukwa m'mashopu ambiri makina amakhala pa 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse. Chithunzi cha mamilimita 45 m'litali chikasikanidwa pa 300 chimatuluka ndi mapikiselo (timadontho topanga chithunzi pa sikirini) pafupifupi 530 kuchoka pamwamba kufika pansi, pomwe kanema wa 1080p amafuna 1080. Pa 600 umangotsala pang'ono kufika. Ine ndinapempha 1200 kuti ndikhale ndi podula. Zimenezi sizibweza zomwe wojambula wa nthawi ija sanagwire, koma ming'alu ya pepala imaoneka payokha ndipo kuichotsa mu GIMP, pulogalamu yokonzera zithunzi, sikuvuta.

Ambiri akaona kusandukaku amayesa n'chithunzi china chikuzimiririka, chinzake chikuonekera. Limenelo ndi theka la ntchito. Ukalekera pomwepo, pakati pamatuluka munthu wa maso anayi ndi pakamwa pawiri. Theka linalo ndi kukoka. Umauza pulogalamu kuti kona iyi ya diso la agogo ndi kona iyi ya diso la bambo, nsonga ya mphuno iyi ndi iyi, chibwano ichi ndi ichi. Pulogalamu imalumikiza madonthowo n'kugawa nkhope yonse m'timagawo ta makona atatu, potsata njira yomwe Boris Delaunay, katswiri wa masamu wa ku Russia, analemba mu 1934. Kenako kagawo kalikonse kamatamuka ngati mphira wa legeni mpaka kakafike pamalo pa kanzake. Diso la agogo likakhala pa pikiselo 400 kuchokera kumanzere, la bambo pa 460, ndiye kuti pakati pa ulendo onse awiri akumana pa 430, ndipo mitundu imasakanizidwa pomwepo, theka uku theka uku. Masekondi atatu pa mafelemu 25 pa sekondi ndi zithunzi 75. Chapakati ndi cha nambala 38.

Felemu 38 imeneyi ndi imene ndimaweruzira ntchito yonse. Yoyamba ndi yomaliza n'zithunzi zenizeni, pamenepo palibe luso la munthu. Kanema akamathamanga diso limakhululuka zambiri, koma ndikamuimitsa pakati ndimadzifunsa funso limodzi: munthu uyu nditakumana naye pa siteshoni ya mabasi ya Park Station, ndingamupatse moni osadzidzimuka? Ndikakayika, ndimabwerera ku madontho.

Mphwanga wina amene akuphunzira za makompyuta ku Braamfontein anandiikira kapulogalamu kolembedwa m'chinenero cha makompyuta cha Python, kodalira OpenCV ndi dlib, zida zothandiza kompyuta kuzindikira za pachithunzi. Kamapeza kokha madontho 68 pankhope: 17 m'mbali mwa nsagwada, 10 pansidze, 9 pamphuno, 12 m'maso, 20 pakamwa. Changu chake n'chodabwitsa, usanamwe n'komwe tiyi katha. Koma taonaninso mndandandawo. Mulibe makutu, mulibe mphumi, mulibe tsitsi, khosi kapena mapewa. Agogo anali ndi makutu otambasuka, a bambo ndi ogona kumutu. Agogo anali ndi seda yowongoka bwino, bambo pachithunzi chawo dazi linali litafika kale pakati. Felemu 38 inatuluka ndi nkhope yooneka bwino ndithu, itakhala pakati pa makutu anayi, pamwamba pake pali tsitsi loonekera mkati.

Apa m'pamene ndinasamukira ku WinMorph, pulogalamu yakale yaulere ya pa Windows, momwe m'malo mobaya madontho umajambula mizere yozungulira chiwalo chilichonse. Khutu ndimalizunguliza lonse, kunja ndi mkati. Malire a tsitsi, kolala ya shati, mapewa, zonse zili ndi mzere wake. Chofunika kusamala n'chakuti mizere iwiri yoyenderana iyambire pamalo amodzi ndipo ilowere mbali imodzi. Mzere wa khutu la agogo ukayambira pamwamba kutsika, wa bambo n'kuyambira pansi kukwera, khutulo limapotokola pakati pa ulendo. Njira yogwiritsa mizere si yatsopano. Thaddeus Beier ndi Shawn Neely a ku Pacific Data Images anaifalitsa mu 1992, atatha kuigwiritsa ntchito pa nkhope zija zosinthanasinthana kumapeto kwa kanema wa Black or White wa Michael Jackson mu 1991. Ndinamuonanso kanemayo modekha. Chomwe chinandigwira si makina awo ayi, koma kuti anthu onsewo anaimikidwa pamalo amodzi, kuyang'ana kamera, kumbuyo kulibe chosokoneza. Ntchito yambiri anaimaliza asanayatse kompyuta.

Nkhani ya dazi inathera pa kugonja. Tsitsi silingasanduke khungu mokongola, ndiye ndinangokonza mzere wa tsitsi la agogo kuti uzibwerera m'mbuyo msanga kuposa ziwalo zina. Zikuoneka ngati munthu akukalamba, ndipo m'mene zimakhaliradi.

Mitundu inandivuta mwa njira ina. Chithunzi cha bambo n'cha pa ukwati wina ku Lilongwe, chamitundu, suti yabuluu. Ukasakaniza chotere ndi chakuda ndi choyera, munthu wapakati amatuluka wotuwa, wooneka wodwala. Ndinachotsa mitundu yonse pa chithunzi cha bambo, kusanduka kuchitike zonse zili zofanana, kenako nkhope ikakhazikika mitundu ibwerere yokha m'sekondi imodzi. Komanso kukoka ndi kusakaniza sindikuziyendetsanso limodzi. Maonekedwe amayamba kusuntha kuchokera pa felemu yoyamba, pomwe kusakaniza ndimakupanikiza pakatikati, kuyambira cha pa felemu 25 kufika pa 50. Nthawi yomwe nkhope ziwiri zikuonekera pamodzi imachepa, ndipo mizukwa imachepanso.

Gawo la agogo ndi bambo litatha ndinalitumiza pa gulu la banja, ngati dokyumenti kuti lisafinyidwe. Azakhali anatumiza mawu akulira: "Ndi iwowo basi, achimwenewa anatengera chilichonse, ndi maso omwe." Zinandikhudza, komanso zinandipatsa chikayiko. Ndinatenga chithunzi cha mnzanga wa kuntchito, Mvenda wa ku Limpopo amene Malawi amangoimva m'nkhani, n'kumuikira mizere yomweyo. Agogo anasanduka iyeyo mosalala chimodzimodzi, ndipo aliyense akanalumbira kuti ndi mdzukulu. Azakhali sindinawauze. Pulogalamuyi imalumikiza chibale pakati pa anthu awiri alionse, bola mizere iikidwe bwino, ndiye siingakhale mboni ya kufanana. N'chifukwa chake mu kanema womaliza ndaika zithunzi zenizenizo moyandikana kwa masekondi angapo kusanduka kusanayambe, kuti akumudzi aweruze ndi maso awo. Kwa ine kufanana kwenikweni kwa agogo ndi bambo kuli pa nsidze ndi mmene amatsekera milomo, kwinako n'kwa makina.

Za munthu wa pa felemu yapakatiyu si ine ndekha ndimamuganizira. Popeza amafanana ndi onse awiri, mu 2014 ofufuza a ku yunivesite ya Bologna ku Italy anaonetsa kuti chithunzi chotere chikalowa pa pasipoti, makina ozindikira nkhope akhoza kuvomera anthu awiri pa chiphaso chimodzi. Kuyambira Meyi 2025 dziko la Germany linasintha lamulo: chithunzi cha pasipoti chizijambulidwa ku ofesi komweko kapena chitumizidwe pa intaneti ndi wojambula wovomerezeka, osati munthu kubwera nacho papepala. Ndikulemba izi kuti amene mumandifunsira kumbali za mapepala musataye nthawi, ine ndimathera pa zithunzi za banja.

Tsopano za kanema woyenda, komwe ndili pakali pano. Achimwene ndi mwana wawo ali konkuno ku Turffontein, ndiye ndinafuna kuti iwowo aziyenda, kuphethira ndi kumwetulira. Pa zithunzi zoima mizere umaika kamodzi. Pa kanema diso limasuntha felemu iliyonse, mbali zonse ziwiri, ndipo mzere uyenera kulitsata. Ndimaukonza pa mafelemu asanu alionse, pulogalamu n'kudzaza pakatipo, koma pakamwa pakatseguka ndimachita kuyenda felemu ndi felemu. Vuto lalikulu ndi kutembenuka kwa mutu. Achimwene akacheukira kumanzere pang'ono, tsaya lina limabisika, pomwe la mwana likuonekabe lonse. Pulogalamu ilibe kotenga tsaya lobisikalo, ndiye chithunzi chimadzipinda chokha ndipo nkhope imang'ambika pambali pa mphuno. Zimenezi sizikonzeka pa kompyuta. Zimakonzeka pojambula.

Ndiye tinakonza malo. Mpando umodzi, miyendo yake nditaiikira zizindikiro za tepi pansi. Foni pa timiyendo take, osaikhudza. Mwana anakhalira mapilo mpaka maso ake anafika pomwe panali a bambo ake, ndipo pa sikirini ya foni ndinamata kachingwe kopingasa koyezera. Kumbuyo tinapachika bulangeti lotuwa, chifukwa khoma loyera limachititsa foni kuchepetsa kuwala ndipo nkhope zathu zakudazi zimangosanduka mthunzi, ngakhale pulogalamu yopeza madontho imasochera. Ukadina pankhope n'kugwira kwa kanthawi, mafoni ambiri amatseka kuwalako kuti kusasinthe. Ine ndinkawerenga mokweza, pa "zitatu" mutu uweramire pang'ono, pa "zisanu" kumwetulira. Achimwene anati, "Iwe mphwanga, kodi tikulowa usilikali?" koma anachita.

Kujambula m'nyumba usiku kunakanika. Magetsi a kuno, monganso a kwathu, ndi a 50 Hz, kutanthauza kuti amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, pomwe foni imajambula mafelemu 30 pa sekondi, ndiye pansi pa mababu ena chithunzi chimaphethiraphethira. Kuphethira kwa makanema awiri kukakumana pa felemu yapakati kumaonekera kwambiri. Foni yolola 25 imathetsa vutoli, yanga siilola. Panja napo pali zake. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 ndipo dzuwa lake ndi lakuthwa, limasiya mithunzi yakuda m'maso. Kuyambira Okutobala masana mitambo ya mabingu imasonkhana, kuwala n'kumasinthasintha munthu asanamalize kumwetulira. Nthawi yabwino ndi m'mawa, pamthunzi wa khonde, onse awiri motsatizana. Ndikatero ndimadutsitsa makanemawo mu FFmpeg, pulogalamu yosinthira makanema, kuti akhale pa 25 yokhazikika, chifukwa foni imasintha liwiro la mafelemu yokha ndipo mizere imatsalira m'mbuyo.

Ena anandilozera Smooth Cut ya mu DaVinci Resolve, pulogalamu yodulira ndi kulumikizira makanema. Imeneyo imayerekeza yokha kumene pikiselo iliyonse ikulowera, ndipo anaipangira kubisa podula munthu mmodzi akamayankhula. Pa anthu awiri osiyana si ntchito yake. Ndaipezera malo pena: bambo akasanduka achimwene oima, mafelemu ochepa a Smooth Cut amawalumikiza ndi achimwene oyenda, ndipo chithunzi chimangodzuka chamoyo popanda kudumpha. Batire ya laputopu yanga inafa kale, ndiye sinditulutsa kanema wathunthu nthawi imodzi. Ndimatulutsa felemu iliyonse payokha ngati chithunzi cha PNG, magetsi akazima ndimapitirira pomwe ndinalekera, n'kudzazilumikiza pamapeto kukhala kanema wa MP4.

Gawo la achimwene ndi mwana silinakhoze mayeso a felemu 38. Mphuno, makutu ndi chibwano zikukumana bwino, koma mwanayo anaphethira pamenepo penipeni, bambo ake ali tong'o, ndiye munthu wapakati ali ndi diso loonekera mkati mwa chikope. Ndikhoza kusuntha kanema wa mwana mafelemu angapo, koma kumwetulira kusemphana. Tijambulanso Lamlungu m'mawa tisanapite kutchalitchi. Mwini nkhope wanena kale kuti ulendo uno sakhalira mapilo ulere, akufuna kota, buledi wa kuno wofukula pakati, woikamo soseji ndi tchizi.