Tsiku limene ndinalanda sitima ndi mfuti yamtengo

Doko lathu si lalikulu, koma dziko lonse limapumira pomwepo. Mafuta, feteleza, simenti, mankhwala, zonse zimatsikira pa ife. Ndiye achifwamba a panyanja atayambiranso kuvuta m'madzi oyandikana nafe, boma linagwidwa nthumanzi kuti sitima zileka kubwera. Achifwamba a masiku ano si aja ankasimba bambo anga, a mu 2011 ine ndili mwana, pamene a ku Somalia anaukira sitima ka 237 m'chaka chimodzi atangonyamula AK-47, makwerero ndi kaboti ka injini yamphamvu. Awa amayamba atumiza droni kukazonda, kenako n'kusokoneza GPS kuti sitima izidziona ili kwina. Makwerero okha ndiwo sanasinthe.

Asilikali athu a panyanja ali ndi maboti atatu olondera. Limodzi limayenda. Lachiwiri ntchito yake n'kuchotsedwa zitsulo zokonzera loyambalo. Lachitatu limapakidwa penti chaka ndi chaka kuti lizioneka bwino pazithunzi.

Akuluakulu anagwirizana zochita chionetsero. Nduna ibwere, a inshuwaransi abwere, aone ndi maso awo asilikali akulanditsa sitima m'manja mwa achifwamba. Nkhani ya inshuwaransiyi si yamasewera: ku London kuli komiti imene imalemba mayina a madera oopsa a panyanja, ndipo doko lanu likangolowa m'kaundula ameneyo, sitima iliyonse yobwera kwanu imalipira ndalama zoonjezera, mitengo ya zinthu n'kukwera dziko lonse. Chimene chinkasowa pachionetserocho chinali wachifwamba. Pamsonkhano wosankha munthuyo ine kunalibe, ndinali kunja ndikuwerenga makontena, yomwe ndi ntchito yanga. Nditabwerako ndinapeza anthu onse akundimwetulira.

"Achimwene, ndevu zanuzo zapeza ntchito," anatero bwana wa doko.

Anandipatsa mfuti yosema pamtengo yopakidwa penti wakuda, makwerero a aluminiyamu okhala ndi ngowe kumutu, ndi pepala la mawu oti ndikanene. Woyendetsa boti anali msodzi wina wachikulire amene tonse timangowatchula kuti Madala. Malangizo anali achidule: sitima yoyesererapo ikhala itaponya nangula kunja kwa doko, manambala a pamalopo ali mu GPS, ndipo ndi yakuda pamwamba, yofiira m'munsi. Waya waminga ukhala wapulasitiki. Madzi akupoperani pang'ono chabe, kuti nduna ione.

Pano ndiime kaye, chifukwa pali anthu amene mpaka lero amati ndinalakwitsa ndine. Pitani padoko lililonse padziko lapansi mukayang'ane. Pafupifupi sitima zonse ndi zofiira m'munsi, chifukwa penti amene amaletsa nkhono ndi ndere kumera pachitsulo kuyambira kale amakhala wofiira. Munthu wokupatsa chizindikiro chotero sanakupatse kanthu. Komanso palibe anatiuza kuti asilikali, pofuna kugometsa nduna, ayatsa makina awo atsopano osokoneza GPS m'mawa womwewo.

Tinanyamuka kukali chisisira. GPS ya Madala inayamba yatiuza kuti tili pakati pa bwalo la ndege, kenako inasintha maganizo n'kutilozera kum'mwera. Posakhalitsa tinaona sitima yakuda, yofiira m'munsi, itaima phee.

"Ndi imeneyi, Madala?"

"Yofiira ndi imeneyi, mwana wanga."

Inali yodzaza katundu, yomira kwambiri m'madzi, moti makwerero anga anafika pamwamba mosavuta. Achifwamba enieni amakonda sitima zotere, zotsika ndi zoyenda pang'onopang'ono, chifukwa yothamanga kupitirira ma knot 18, pafupifupi makilomita 33 pa ola, kuikwera uli pakaboti n'kovuta zedi. Ine ndinangoti akuluakulu andiganizira.

Nditangokoleka ngowe, kulira kwa belu kunamveka sitima yonse, ndipo madzi anatuluka. Abale, amene anati pang'ono chabe sanaimepo kutsogolo kwa paipi yozimitsira moto. Anandimenya pachifuwa ngati chitseko chokankhidwa ndi mphepo, mpweya wonse n'kuthawa. Ndili lende pamakwereropo ndinkaganiza kuti anzathuwa akusewera bwino kwabasi, nduna isangalala. Nditacheuka kuti ndiwauze Madala zomwezo, ndinangoona kamzere koyera pamadzi kakulowera kudoko. Madala anali atapita.

Kutsika kunalibenso. Ndinakwera mpaka pawaya, ndinaugwira molimba mtima podziwa kuti ndi wapulasitiki. Sunali wapulasitiki. Ndinadutsa ndithu, koma buluku langa linatsala pomwepo likukupiza, ndipo ndinagwera m'sitima ndili ndi kabudula wamkati, nsapato imodzi, mfuti ndi pepala lonyowa.

Patsogolo panga panaima munthu wamtali, wovala ovolosi ya olenji ndi chipewa cholimba, atagwira zoonera patali.

"Manja m'mwamba!" ndinakuwa monga mwa pepala.

Sanagwedezeke.

"Akulu, manja m'mwamba. Nduna ikuonera."

Zii. Ndinamuyandikira n'kumunong'oneza kuti tonse tili pantchito, asandichititse manyazi, angokweza manja basi tithane nazo. Munthu osaphethira n'komwe. Mtima unandipsa, ndinamugogoda paphewa ndi mfuti ija. Mutu wake unagwa, n'kugubuduka mpaka kukaima pafupi ndi phazi langa lopanda nsapato.

Kukuwa kumene ndinakuwa, Madala akuti anakumva ali kudoko. Panatenga kanthawi kuti ndione kuti m'khosimo muli thonje ndi waya. Sitima zodutsa m'madera oopsa zimaimika zidole zotere m'mbali kuti achifwamba aziona ngati alonda ndi ambiri, makamaka masiku ano pamene chisitima chachikulu chimayenda ndi anthu ochepa. Nditayang'ana bwino, anzake ena atatu ankandiyang'anitsitsa chapatali.

Anthu enieni ndinawasowa. Ndinayenda m'makonde, ndinakwera mpaka kuchipinda choyendetsera, konse kuli gwaa. Apa ndiye ndinayamba kudabwa, chifukwa zolembedwa pamakoma zinali m'zilembo zimene sindinazionepo, ndipo sitima yathu yoyesererapo ndinkaidziwa kuti ndi chiphakasa chadzimbiri, osati chonyezimira chotere. Amalinyero anali atachita zimene amaphunzitsidwa: kuzimitsa injini, kudina batani lachinsinsi lodziwitsa eni sitima kuti aukiridwa, n'kudzitsekera onse m'chipinda chachitsulo chimene amachitcha citadel, momwe mumakhala madzi akumwa, wailesi ndi foni ya setilaiti. Njira imeneyi yapulumutsa ambiri, chifukwa wachifwamba wopanda munthu womugwira sangaitanitse dipo, ndiponso asilikali amatha kulowa osaopa kuwombera wosalakwa.

Foni ya m'chipinda choyendetseramo inalira. Ndinayankha. Mawu onjenjemera anandifunsa m'Chingerezi kuti ndikufuna chiyani.

Munthu ukasokonezeka umagwira chimene chili m'manja. M'manja mwanga munali pepala. Ndinawerenga mokweza, mwaulemu wake, kuti sitimayi ili m'manja mwathu ndipo tikufuna madola 3 miliyoni, aponyedwe ndi parachuti. Amene analemba pepalalo anangokopera nkhani ya Sirius Star, chisitima cha mafuta cha ku Saudi Arabia chimene chinagwidwa mu 2008, dipo lake n'kuponyedwadi kuchokera m'ndege. Anaiwala kulembapo kuti ena mwa achifwambawo anamira ndi ndalama zawo pobwerera kumtunda.

Kumbali inayo kunamveka munthu akulira. Kenako anafunsa kuti tilipo angati.

"Ndili ndekha, bwana."

Sanakhulupirire. Pa kamera ankaona munthu wandevu, wopanda buluku, amene wangodula mutu wa mlonda ndi nkhonya imodzi ya mfuti, ndipo anagwirizana kuti wotereyu ndiye woopsa kuposa gulu. Uthenga unali utafika kale ku Kuala Lumpur, ku likulu lolandira malipoti a uchifwamba wa panyanja, ndipo kuchokera kumeneko unafalikira kwa sitima zonse za m'dera lathu.

Nthawi yonseyi chionetsero chinali chikuyenda bwino kwambiri kumpoto. Boti loyenda lija linazungulira chiphakasa chathu kangapo mwaliwiro, utsi wamitundu uli tolotolo, asilikali anakwera ndi zingwe, anathyola zitseko, wachifwamba osamupeza. Poti nduna inkaonera pa droni, anagwira mlonda wa chiphakasacho amene ankagona, n'kumutulutsa atamumanga. Nduna inaomba m'manja. A inshuwaransi nawo ankaomba, mpaka mafoni awo onse analira nthawi imodzi.

Ine ndinali nditapeza wailesi. Ndinatsegula tchanelo 16, ya ngozi, imene sitima iliyonse imamvera.

"Bwana, ndine wachifwamba uja. Ndalanda sitima, koma ndikuona ngati si yathu. Chonde bwerani mudzandigwire."

Yankho linabwera patapita nthawi, ndipo linali la mkulu wa asilikali mwiniwake. Anati ndisasunthe. Mafuta a boti anathera pachionetsero.

Mu 2024 asilikali a ku India analanditsa sitima yotchedwa Ruen ndi chombo chankhondo, ndege ndi makomando otsika ndi maparachuti, achifwamba 35 n'kugonja. Ine ondilanditsa anabwera dzuwa litapendeka, boti lawo likukokedwa ndi chingwe ndi kasitima kokankha zinzake padoko. Maola onsewo ndinakhala pakhomo la citadel ndikuchonderera amalinyero kuti atuluke andimange, kapena angondiponyera buluku. Anakana. Malamulo awo amati usatsegule mpaka asilikali atsimikize kuti kunja kuli bwino, ndipo wachifwamba wopempha kumangidwa anali asanamuonepo, choncho anati ndi msampha. Kuzizira kutandikola ndinakavula chidole chija ovolosi n'kuvala. Asilikali atakwera anandidutsa kawiri ndili chiimire, akufunafuna wachifwamba. Nditatsokomola, mmodzi anataya mfuti.

Mlandu wake unavuta kuposa kulanda sitimayo. Eni sitima ankafuna ndiimbidwe mlandu wa uchifwamba wa panyanja. Loya wa boma, mayi wodekha kwambiri, anatsegula pangano la United Nations la malamulo a panyanja la 1982, pa gawo 101, n'kufotokoza kuti mlanduwo umachitika kunja kwa madzi a dziko, kupitirira mamailosi 12 a panyanja kuchokera kugombe, pafupifupi makilomita 22, komanso wochitayo akhale akufuna phindu lake. Sitimayo inali m'madzi athu, ndipo ine ndinatumidwa ndi boma, ndi kalata yodinda. Anayesa mlandu wakuba ndi chida, koma chida chinali mtengo, ndipo chobedwa chinali ovolosi imene ndinabweza nditachapa.

"Ndiye ndine ndani, mayi?" ndinafunsa.

"Mlendo amene sanagogode," anatero, akutseka buku.

Lipoti la asilikali linati sitima yakunja inalanditsidwa tsiku lomwelo popanda wovulala, ndipo mkulu uja anakwezedwa udindo. Boma, litaona ndalama za inshuwaransi zikukwera, linagula mafuta ndi kukonzetsa boti lachiwiri, chinthu chimene asilikali anakhala akupempha kwa zaka. Palibe anabwera kudzandithokoza. Chimene ndinalandira ndi makalata awiri. Yoyamba inachokera kwa eni sitima, yondilipiritsa mutu wa chidole. Yachiwiri inachokera ku ofesi yathu, yondidziwitsa kuti chionetsero chichitikanso chaka chamawa, ndipo poti m'dziko muno munthu amene analandapo sitima ndine ndekha, komiti yaona kuti palibe chifukwa chofunira wina.