Mizu ya anyezi pa maikulosikopu

Sabata yathayi ophunzira anga amene akukonzekera mayeso a MSCE anali pa mutu wa mitosis, kugawikana kwa nyukiliyasi ya selo, ndipo ndinasankha kusawalembetsa manotsi asanaone chinthucho ndi maso awo. Anyezi ndinagula pamsika wa pa Boma pano pa Nkhotakota n'kumukhazika pakamwa pa mabotolo odzaza madzi, ndipo chifukwa cha kutentha kwa kuno kunyanja, timizu toyera tinali titatuluka kale pofika Lachinayi.

Maselo amagawikana kwambiri kunsonga kwa muzu, choncho tinadula nsongazo ndi lezala, mamilimita awiri kapena atatu okha, tinazifewetsa mu asidi wofunda wa hydrochloric, tinathira utoto wa aceto-orcein, kenako tinazipsinja pansi pa kagalasi kuti maselo amwazikane. Magetsi anali atazima, koma maikulosikopu athu ndi akale aja okhala ndi kalilole, moti tinangowasunthira pawindo.

Mtsikana wina atasuzumira anadandaula kuti, "Aphunzitsi, palibe chimene chikuchitika umu." Ananena zoona, pakuti maselo ambiri anali ndi nyukiliyasi yobulungira, yooneka ngati yangokhala. Imeneyi ndi interphase, imene imatenga gawo lalikulu kwambiri la moyo wa selo, ndipo m'nthawi imeneyi DNA, imene imanyamula malangizo a chibadwa, imapangidwanso ina yofanana nayo, kotero kuti kromozomu iliyonse (kachingwe ka DNA ka mu nyukiliyasi) imakhala ndi timaulusi tiwiri tofanana togwirana. Wophunzira amene sanamvetse zimenezi amalemba pamayeso kuti mitosis imadula chiwerengero cha makromozomu pakati, chonsecho selo ya anyezi ili ndi 16, ya munthu 46, ndipo maselo awiri atsopanowo amalandira chiwerengero chomwecho.

Ophunzirawo atafufuza modekha anapeza magawo a mitosis: prophase, pamene makromozomu amafupika n'kunenepa ndipo chikuto cha nyukiliyasi chimatha, ndiponso metaphase, pamene amandandalika pakati pa selo. Anaphase ndi imene inautsa phokoso m'kalasi, chifukwa timaulusi tija timaoneka titalekana, tikukokedwera kumbali ziwiri titapindika ngati chilembo cha V. Mu telophase munali manyukiliyasi awiri ndi khoma latsopano likumera pakati pawo.

Ndinawauza kuti Walther Flemming, wasayansi wa ku Germany amene anatcha dzina la mitosis mu 1882, ankajambula pamanja zimene ankaona, ndipo Lachisanu aliyense anajambula zake. Pochonga ndinabweza zojambula zingapo zokongola kwambiri, chifukwa eni ake anakopera m'buku makromozomu anayi osanjika bwino m'malo mwa othithikana aja amene anali pa kagalasi.