Nyanja ya malita 60 m'chipinda cha ku Nchalo

M'kope langa la chaka chatha muli tsamba limene ndinalembapo kawiri. Ulendo woyamba ndinakopera malangizo a kawetedwe ka makorali ofewa (tinyama tokhala pamiyala ya m'nyanja yamchere) m'thanki yagalasi: madzi akhale pakati pa madigiri 24 ndi 26, mchere ukhale magalamu 35 pa lita, pa milungu iwiri iliyonse musinthe gawo limodzi mwa magawo khumi a madzi, ndipo mugule hita yodalirika. Ulendo wachiwiri ndinalemba mu Novembala ndi bolopeni yofiira, ndipo za hitazo ndinakhwatcha. Olemba malangizowo amakhala kumene madzi amazizira okha usiku. Thanki yanga ili ku Nchalo, kumene mu Okutobala dzuwa likafika paliwombo kunja kumatha kupitirira madigiri 40, malata n'kumalira.

Ndikuphunzira za nsomba ndi zamoyo za m'madzi kukoleji, koma phunziro la nyanja yamchere linkandilowa khutu ili n'kutulukira linalo, chifukwa nyanjayo sindinaionepo. Shire wathuyu amakathira mu Zambezi, Zambezi n'kukathira mu Indian Ocean cha ku Chinde, ku Mozambique. Ngakhale mutatsata madziwo mpaka kumathero, makorali simungawapeze pamathiriro pamenepo, popeza matope ndi madzi opanda mchere zimawalepheretsa kumera. Muyenera kutsika mpaka kuzilumba za Bazaruto, kumene madzi ndi oyera mbee. Ulendo umenewo sindikanaukwanitsa. Nditamva za bambo wina wa ku Blantyre amene wakhala akuweta makorali kwa zaka zambiri, ndinapita kukagogoda. Anandilandira bwino, koma tsikulo anandipatsa miyala iwiri yonyowa ya m'thanki yawo basi. Anati, "Pita ukawete kaye madzi. Makorali udzatenge madziwo akakhwima."

Amayi atamva kuti ndikusunga ndalama yogulira mchere wapadera wa m'chidebe, anandifunsa kuti, "Mwananga, pamjigo wa kuseri kuja madzi ake ndi amchere kale, anthu amalephera n'kumwa komwe. Osangokatunga amenewo bwanji?" Funso lawo linali lomveka. Mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi ku Nsanje imatulutsa madzi amchere, ndipo agogo amasimbabe mmene akale ankapalira dothi loyera la m'madambo, n'kulitcheza, n'kuphika madziwo mpaka mumphika mutatsala mchere. Ndinatha mlungu ndikufufuza yankho loti ndiwauze. Mchere wa m'nyanja uli ndi kasakanizidwe kake, kofanana pafupifupi kulikonse. Magawo 85 pa 100 alionse ndi sodium ndi chloride, mchere wathu wa m'ndiwo uja, ndipo otsalawo ndi sulphate, magnesium, calcium, potassium ndi tina tochepa. Mchere wa m'khitchini ulibe totsalato, pamene madzi a pamjigo ali ndi zosungunuka za m'nthaka ya pamalopo, zosiyana mjigo uno ndi winawo. Makakana a ku Elephant Marsh amapirira zoterezi, moti mukawazoloweza pang'onopang'ono amakhala ngakhale m'madzi a m'nyanja. Korali alibe luso limenelo. Mchere wa m'thupi mwake umangotsatira wa m'madzi omuzungulira, ndiye madzi akasintha mwadzidzidzi, nayenso thupi lonse limasokonezeka.

Kukhwima kwa madzi kunatenga milungu isanu. Ndinaponyamo kachidutswa ka usipa kuti kawole, n'kumayeza. Poyamba inakwera ammonia yochokera ku usipa wowolawo, kenako nitrite, kenako zonse ziwiri zinatsika mpaka ziro ndipo inatsala nitrate yochepa, kusonyeza kuti mabakiteriya osintha zoipazo akhazikika m'miyala. Izi ndinali nditazilembapo kale pa mayeso, koma apa ndinaziona ndi maso m'timabotolo tosintha mtundu.

Makoraliwo ndinatsika nawo pa minibasi kudzera pa Thabwa, m'kabokosi kosungiramo zozizira, nditakafungata pamiyendo njira yonse. Anali tizidutswa todulidwa ku makorali a bambo aja, osati otengedwa m'nyanja: Sarcophyton wooneka ngati bowa wa tsinde lonenepa, Xenia, kansalu kofiirira ka green star polyps, ndi ma Discosoma atatu. Madzulo a tsiku lachitatu ndinakhala pansi ndi galasi lokulitsira zinthu limene ndinabwereka. Pamwamba pa Sarcophyton, pamene panali posalala ngati chikopa, panayamba kutuluka timitu ting'onoting'ono, kenako kamutu kalikonse n'kutambasula timanja. Ndinawerenga: tisanu ndi titatu. Ndinawerenga kena, chimodzimodzi. Kadzanja kalikonse kali ndi timphanda m'mbali ngati nthenga ya nkhanga. Chizindikiro cha makorali ofewa enieni n'chimenechi. Ma Discosoma ogulitsa amangowaika m'gulu lomwelo chifukwa alibe chigoba, koma ndi a fuko lina. Xenia ndiye anandigwira mtima. Timanja take timafumbata n'kutambasula tsiku lonse, ngati dzanja la khanda likamayamwa. Amayi anabwera kudzandiitanira nsima, n'kukhala nawo pansi pomwepo mpaka nsimayo inazizira.

Apa m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake amati makorali amenewa ndi osavuta. M'minofu mwawo mumakhala tindere tosaoneka ndi maso totchedwa zooxanthellae. Timapanga shuga ndi kuwala, korali n'kumadya nawo, ndiye mukakhala ndi nyali yabwino simuvutika ndi kudyetsa. Komanso poti samanga chigoba chamwala, samatha calcium wa m'madzi msangamsanga ngati makorali olimba aja, ndipo kusintha malita 6 pa milungu iwiri kumabwezeretsa zimene zachepa. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti ntchito inali yomweyo. Ngakhale Sarcophyton atatseka masiku anayi n'kuyamba kunyezimira ngati wapakidwa phula, bambo aja anangoti ndisamukhudze, akufundula. Tsiku lachisanu kachikopa kopyapyala kanachokadi, timitu n'kutulukanso.

Tsiku limene linandiphunzitsa zenizeni linali la pakati pa Okutobala. Magetsi anazima m'mawa, ine ndili ku Ngabu. Pampu inaima, madzi anangoti zii m'chipinda chotseka mawindo. Pobwera madzulo ndinalandiridwa ndi fungo pakhomo. Choyezera kutentha chinali pa 33. Xenia yense anali atasungunuka, pamwala patangotsala tonanda totuwa. Ma Discosoma anafota n'kukhala ngati timabatani, ndipo pa masiku otsatira awiri mwa iwo anayera. Kuyerako ndinakudziwa: kutentha kukapitirira, tindere tija timayamba kupanga zinthu zowononga minofu ya korali, iye n'kutitulutsa, n'kutsala wopanda mtundu komanso wopanda chakudya. Chinawonjezera vutolo n'chakuti madzi otentha amasunga okosijeni wochepa, amchere amasunga wochepa kuposa opanda mchere, ndipo pampu imene ikanavundula pamwamba inali chiimire. Usiku umenewo ndinasintha madzi ndi tochi pakamwa, mtima ukundipweteka, chifukwa tinthu timene tinkafumbata manja dzulo lake ndinali kutikokolola ndi supuni.

Makina oziziritsira madzi a m'thanki alipo, koma mtengo wake ndi magetsi amene amadya si za wophunzira. Ndinayamba ndi mabotolo a madzi oundana, kuwayandamitsa m'thanki. Ankathandiza kwa ola limodzi kapena awiri, kenako kutentha n'kubwerera, ndipo kukwera ndi kutsika kumeneko makorali sankakukonda. Nzeru inachokera pa mtsuko wa amayi. Ndinatunga madzi akumwa masana ena, ozizira bwino chonsecho mtsukowo uli m'nyumba yotentha yomweyo, ndipo ndinaima ndi kapu m'manja. Mtsuko umachita thukuta, thukutalo likamauma limachoka ndi kutentha. Ndinatenga kope n'kuwerengetsa. Kuti lita imodzi ya madzi iuluke pamafunika ma kilojoule (muyeso wa mphamvu ya kutentha) pafupifupi 2,400. Kutsitsa malita 60 ndi digiri imodzi kumafuna pafupifupi 250. Botolo la malita awiri la ayisi, kusungunuka kwake ndi kufunda kwake pamodzi, limachotsa pafupifupi 900. Ndiye lita imodzi youluka imaposa mabotolo awiri a ayisi, ndipo imagwira ntchitoyo pang'onopang'ono tsiku lonse.

Ndinachotsa chivundikiro, n'kumangirira fani yaing'ono ya mukompyuta yakale kuti iziuzira pamwamba pa madzi. Fani ndi pampu ndinazilumikiza ku batire la sola, kuti magetsi akazima zisaime. Thanki ndinaisamutsira kuchipinda chimene chimaphimbidwa ndi mthunzi wa mango, pansi pafupi ndi simenti, ndipo nyali ndinayamba kuyatsa kuyambira madzulo mpaka pakati pa usiku. Madigiri 25 a m'malangizo aja ndinasiya kuwathamangitsa. Madzi amakhala pa 27 m'mawa, pa 28 kapena 29 masana otentha kwambiri, ndipo makorali ofewa amakhala bwino pamenepo bola pasamadumphedumphe.

Koma fani inabwera ndi ngongole yake. Madzi akauluka mchere suuluka nawo. Masiku otentha thanki inkataya malita pafupifupi awiri patsiku, ndipo mukailekerera masiku atatu, mchere wa malita 60 umakhala m'malita 54, muyeso n'kuchoka pa 35 kufika pafupi ndi 39. Owonjezerawo ayenera kukhala madzi opanda mchere komanso oyera, osefedwa ndi sefa yochotsa mchere yotchedwa RO kapena otchezedwa ngati othira m'batire aja, osati a asidi. Mukathira amchere ndiye kuti mukuunjika mchere pa mchere unzake. Ndinajambula mzere ndi maka pagalasi, pamene madzi amafika muyeso ukakhala pa 35 m'kachipangizo koyezera kotchedwa refractometer.

Mzere umenewo ndi umene unachititsa kuti ndibwerere kukoleji mtima uli m'malo. Mlongo wanga wamng'ono, wa Fomu 2, ndiye anatsala ndi thanki. Ndinamulembera zochita zitatu: athire madzi a m'chigubu choyera mpaka pamzere m'mawa ndi madzulo, alembe kutentha m'kope, aone ngati fani ndi pampu zikuzungulira. Chachinayi chinali choletsa, kuti asapise dzanja m'madzi. Bambo aja anali atandipatsanso kamwala ka ma zoanthid, tinyama tofanana ndi makorali ofewa, ndipo ena mwa amenewa, makamaka a mtundu wa Palythoa, ali ndi poizoni wotchedwa palytoxin amene amalowa pa bala kapena m'maso. Mwala wake sauwiritsa ngakhale pang'ono, chifukwa nthunzi yake imatha kudwalitsa nyumba yonse. Ine ndimavala magolovesi nthawi zonse ndikamaukhudza. Kunena zoona, ndimaona kuti amene amauza oyamba kumene kuti ma zoanthid ndi osavuta, osatchulapo za poizoniyu, amalakwitsa kwambiri.

Nditabwerera m'kalasi, phunziro lija linandilowa mwina. Tinkaphunzira za 1998, pamene El Niño anatenthetsa Indian Ocean ndipo makorali ambiri a ku Seychelles ndi Maldives anafa, ndi za 2016 ndi 2017 ku Great Barrier Reef ya ku Australia. Mphunzitsi atanena kuti digiri imodzi yokha pamwamba pa kutentha kwa mwezi wotentha kwambiri, ikakhalitsa milungu ingapo, imakwana kuyeretsa makorali, ine ndinaona ma Discosoma anga awiri aja. Ndinazindikiranso kuti nkhaniyi si yakutali. Mu Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'ngozi ya chilala cha El Niño, chimanga chitapserera m'minda ya kuno kwathu, ndipo mwezi wotsatira bungwe la ku America loona za nyanja ndi nyengo la NOAA linalengeza kuti makorali akuyera padziko lonse kachinayi. Chimene chinaumitsa minda yathu ndi chimodzi mwa zimene zinkaphika makorali, kungoti ife tinaona za kumtunda zokha.

Mwa awiri oyera aja, mmodzi anafa. Winayo anayamba kubwerera mtundu patatha milungu isanu ndi umodzi, kuyambira m'mphepete, kofiirira pang'ono ngati tiyi wopanda mkaka. Mu Januwale mvula itakhazikika, mlongo wanga anandiimbira: "Achimwene, fani ikuzungulira koma kutentha kwafika 30, ndipo madzi sakutsika pamzere ngati kale." Mpweya wa dzinja unali utadzaza chinyezi, madzi sankaulukanso bwino, monga mmene zovala zimachedwera kuuma nyengo imeneyo. Ndinamuuza atsegule mawindo onse awiri kuti mphepo izidutsa, ayandamitse botolo laling'ono limodzi la ayisi cha m'ma 1 koloko masana, ndipo nyali aichepetse ndi maola awiri. Mawa lake ananditumizira chithunzi cha tsamba la kope, manambala atawalemba mumzere ndi pensulo: 28, 29, 28. Pansi pake anawonjezera kuti green star polyps afika pagalasi la kumbuyo, ndipo akufunsa ngati awasiye akwere.