Funso la feteleza lisanafike kwa nduna

Ndimagwira ntchito mu ofesi ya phungu wa dera lina kuno ku Zomba. Nyumba ya Malamulo ikamakumana ku Lilongwe, bwana amakhala komweko, ine ndimatsala kumudzi kusonkhanitsa zimene akafunse nduna. Sabata ino nkhani inali ya feteleza wotsika mtengo.

Lolemba ndinakwera kabaza kupita kwa a gulupu ena chakunyanja ya Chilwa, kumene anthu anasonkhana pansi pa mtengo wa mango. Mayi wina wokalamba anandigwira dzanja nati, "Mwanangu, chaka chatha dzina langa linatuluka, chaka chino lasowa. Ndalakwanji?" Ndinati, "Agogo, ndipatseni chiphaso chanu ndilembe." Enanso anabwera ndi dandaulo lomwelo, ndipo palibe amene ankadziwa kumene mayinawo amasankhidwira.

Lachiwiri lonse linathera pa kulemba funso, ndipo apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni. Funso lopita kwa nduna limalembedwa n'kutumizidwa kwa mlembi wa Nyumba ya Malamulo nthawi ikadalipo, kuti unduna ukonze yankho. Silikhala mwayi wolalikira kapena wonyoza munthu. Koma chimene chimandipweteka n'chakuti mafunso ambiri amapita ngati pempho: "Kodi a nduna angaganizireko anthu a m'dera langa?" Yankho lake timalidziwa tonse: boma likudziwa za vutoli, ndalama zikapezeka lithandiza. Phungu amakhala pansi, anthu kumudzi amva dzina la dera lawo pa wayilesi, basi zathera pomwepo.

Pulogalamu ya fetelezayi inayamba ndi makuponi mu 2005, ndipo mu 2020 anthu anayamba kugula pogwiritsa ntchito chiphaso cha unzika. Njira zasintha, koma wochotsedwa sauzidwabe chifukwa. Choncho ndinafunsa za ndondomeko yeniyeniyo: amene amasankha mayina ndi ndani, amatsata mfundo ziti, wochotsedwa akadandaule kuti, nanga ayankhidwa pasanathe nthawi yaitali bwanji. Funso lotere nduna singalizembe ndi mawu okoma, ndipo yankho lake lithandizanso mlimi wa ku Chitipa amene sitinamuonepo.

Lachitatu ndinawaimbira bwana. "Olemekezeka, funso lowonjezera mulikonzeretu," ndinawauza. Nduna ikamaliza kuwerenga yankho lolembedwa, Sipikala amalola mafunso owonjezera, ndipo pamenepo nduna imayankha za m'mutu mwake, popanda pepala la akuluakulu a ku unduna. Tinagwirizana kuti ikadzati mayina amasankhidwa ndi mafumu, iwo adzafunse chifukwa chake a gulupu amene ndinakumana nawo anangolandira mndandanda wothaitha.

Ndikamadutsa pa nyumba yakale ya malamulo m'tsinde mwa phiri la Zomba, ndimakumbukira kuti aphungu ankakumana muno mpaka 1994, ngakhale likulu linasamukira ku Lilongwe mu 1975. M'masiku a chipani chimodzi, kufunsa boma mwamphamvu kunali kudziputira mavuto. Lero gawo 89 la malamulo oyendetsera dziko limanena kuti ngakhale mtsogoleri wa dziko akhoza kuitanidwa kukayankha mafunso a aphungu, ndipo a Lazarus Chakwera anakayankhadi mu 2020. Mphamvu yotereyi siyenera kumangothera pa kupempha mjigo umodzi, pamene nkhani zotere makhansala angazitengere kukhonsolo.

Lachinayi ndinatchera khutu pa wayilesi nthawi ya mafunso. Lathu silinafike pamndandanda, mafunso amadikirira nthawi yawo, ena mpaka msonkhano kutha. Izi zimandidetsa nkhawa chifukwa mvula siidikira Nyumba ya Malamulo; yankho lobwera chimanga chitafika m'mawondo silipindulira munthu. Ndinawapempha bwana kuti nkhaniyi akaifikitsenso ku komiti ya aphungu yoona za ulimi, imene ili ndi mphamvu yoitanitsa akuluakulu a boma ndi zikalata zawo.

Lachisanu ndinakhala mu ofesi kuwerenga Hansard ya misonkhano yapitayo, buku lolembedwamo zonse zoyankhulidwa m'Nyumba ya Malamulo. Ndili ndi kope mmene ndimalembamo chilichonse chimene nduna inalonjeza dera lathu, tsiku lake ndi mawu ake enieni. Zimene sizinachitike ndazilemba padera, ndipo Lolemba ndiyamba kukonza mafunso ofunsa kuti malonjezowo afika pati.