Aneneri ankawerenga mlandu wa pangano

Mtima wakhala m'malo tsopano pa nkhani ya aneneri aang'ono, mabuku khumi ndi awiri aja a m'Chipangano Chakale oyambira pa Hoseya mpaka Malaki. Funso lomwe linkandizunguza mutu ndi lakuti, Hoseya kapena Amosi akaopseza za njala ndi dzombe, mawuwo tiwabweretse bwanji ku mpingo wa lero osawapotoza? Chatsegula zonse ndi Hoseya 4:1, pomwe akunena kuti Yehova ali ndi mlandu ndi anthu okhala m'dzikomo. Liwu la Chiheberi pamenepo ndi rib, mlandu wa pabwalo. Mneneri waima m'malo mwa mwini pangano, ndipo akuwerengera anthu zimene anavomera pa Sinai n'kuziswa. Vesi lachiwiri likutchula kulumbira, kunama, kupha, kuba ndi chigololo. Amenewatu ndi Malamulo Khumi.

Ngakhale zilangozo zinalembedwa kale. Pa Amosi 4:6-11 pali njala, mvula yokanizidwa kutatsala miyezi itatu kuti akolole, matenda a mbewu, dzombe ndi mliri, ndipo kasanu konse Mulungu akudandaula kuti anthuwo sanabwerere kwa Iye. Zonsezi zili kale pa Deuteronomo 28 ndi Levitiko 26. Amosi akungoti zimene munasainirana zija ndi izi zafikazi.

Njira yomwe ndikuikhulupirira kwambiri, ndipo ndikuona kuti wophunzira aliyense akanayambira pomwepa, ndi ya pepala logawidwa patatu. Kumanzere lembani mlandu weniweni monga mneneri wautchulira, osangoti "tchimo". Pakati lembani lamulo la Mose lomwe laswedwa. Kumanja lembani malo a m'Chipangano Chatsopano omwe akunena chinthu chomwecho kwa mpingo. Gawo lakumanja likakhala lopanda kanthu, musafulumire kulalikira ndimeyo ngati chenjezo kwa anthu anu.

Tengani Amosi 8:5. Amalonda akudikira kuti Sabata lithe agulitse tirigu, akuchepetsa efa (muyeso wa tirigu), akukulitsa sekeli (muyeso wa kulemera kwa siliva wolipirira), sikelo yawo ndi yachinyengo. Pakati mulemba Deuteronomo 25:13-15 ya miyeso iwiri m'thumba limodzi. Kumanja, Yakobo 5:1-6. Mukatero, wogula soya kumudzi ndi sikelo yoseweretsa, yemwe Lamlungu amakhala mpando wakutsogolo, ndimeyi yamupeza popanda kuikoka. N'chimodzimodzi Amosi 2:8 ya zovala za chikole zomwe ankagonera pambali pa maguwa, pomwe Eksodo 22:26-27 imati zibwezedwe dzuwa lisanalowe. Wakatapila amene wasunga khadi la ATM la mnzake wa mu mpingo aganizire bwino pamenepa.

Chinanso chimene ambiri timachiphonya n'chakuti Aisraeli a m'masiku a mfumu Yerobiamu wachiwiri sanasiye kupembedza. Ku Beteli kunkadzaza, chakhumi chinkaperekedwa. Chigololo chomwe Hoseya 2:5-8 akunena n'chakuti tirigu, vinyo ndi mafuta ankaziyembekezera kwa Baala, Yehova n'kumusiyira za pachikondwerero. Ndiye funso kwa Mkhristu wa lero lisakhale lakuti kodi amapita kutchalitchi. Funsani kumene amathamangira bizinesi ikaima, mwana akadwala usiku, kapena akafuna kukwezedwa pantchito.

Pamene zinthu zimalakwika ndi polumpha gawo lapakati. Munthu amawerenga za chilala mu Amosi, n'kuyang'ana pawindo, n'kulengeza kuti namondwe wa Freddy wa mu 2023 anagwera anthu a ku Chilobwe chifukwa cha machimo awo. Malawi sanaime pa phiri la Sinai, ndipo Yesu anatseka kale khomo limeneli pa Luka 13:1-5 ponena za anthu 18 omwe nsanja ya Siloamu inawagwera. Amene walowa m'malo a womvera chenjezo ndi mpingo: 1 Petro 4:17 ikuti chiweruzo chiyambira m'nyumba ya Mulungu, ndipo makalata asanu ndi awiri a pa Chivumbulutso 2 ndi 3 akuyenda ngati milandu yomweyi. Onjezani Yeremiya 18:7-10, pomwe zikuoneka kuti chenjezo limaperekedwa kuti anthu atembenuke, chilangocho chisabwere.

Chondiwawa n'chakuti m'kalasi ya za Baibulo nthawi yambiri imathera pa kuloweza zaka, kugwa kwa Samariya 722 BC, kugwa kwa Yerusalemu 586 BC, pomwe aneneri khumi ndi awiri onse amapanikizidwa m'masabata omaliza mayeso ali pakhomo. Deuteronomo 28 ikanaphunzitsidwa tsiku loyamba, anthu sakanavutika chonchi.

Pamene pepala langa lija likutsimphina ndi pa Amosi 1 ndi 2. Damasiko, Gaza, Turo, Edomu, Amoni ndi Moabu akuweruzidwa chifukwa cha nkhanza, chonsecho analibe pangano la Sinai, kotero gawo lapakati silidzaza. Ndiye kuti mitundu ya leronso ili ndi mlandu wake pamaso pa Mulungu. Koma ndani angaloze tsoka linalake n'kunena kuti ichi ndi chilango, popeza Amosi anachita kuuzidwa ndipo ife sitinauzidwe? Apa ndiye ndikadali kusinkhasinkha.