Penti ya kagalimoto sibisa kanthu

Anzanga omanga timagalimoto ta pulasitiki, funso lomwe limabwerabwera ndi loti "mwagwiritsa penti yanji kuti iwale choncho?" Koma zoona zake nkhani siili pa pentiyo ayi, ili pa zomwe zili pansi pa penti. Makampani opanga timagalimotiti monga Tamiya, Aoshima, Fujimi ndi Hasegawa amakonda sikelo ya 1/24, kutanthauza kuti kagalimoto nkochepa maulendo 24 poyerekeza ndi galimoto yeniyeni, pomwe AMT ndi MPC aku America amakonda 1/25, ndiye tawerengani nokha, kamzere ka 1 mm pa bodi ya 1/24 ndi chimodzimodzi 24 mm pa galimoto yeniyeni. Galimoto yotuluka mu fakitale ili ndi mzere wa 24 mm pa bampala munaiona kuti? Penti yonyezimira imangochita kuulula zonsezo, makamaka yakuda, yakuda ilibe chisoni.

Ndiye musanagwire chitini cha penti, tengani bodi muiyang'ane pafupi ndi getsi mukuitembenuza. Muona timizere topyapyala tomwe timatsala pomwe zikombole zinakumana, nthawi zambiri timadutsa pamwamba pa mafenda, m'makona a bampala ndi pa zipilala za denga. Palani ndi sandipepa ya 600, kenako 1000, ndipo muziinyowetsa kuti isatseke. Musakhwime dzanja, m'makona pulasitiki imatha msanga ndipo kona ikabulungira siibwereranso. Mizere ya zitseko ndi boneti ndimaikuza pang'ono ndi kumbuyo kwa nsonga ya kampeni, chifukwa pulayima (penti yoyambira pansi), penti ndi clear (vanishi woonekera wa pamwamba) zikaunjikana mizere ija imakwiririka galimoto nkumaoneka ngati ilibe zitseko. Mukatha tsukani ndi madzi ndi sopo wa mbale, iume yokha, osaigwiragwiranso ndi zala zamafuta.

Pulayima ndiye osadumpha. Ya Tamiya kapena Mr. Surfacer 1000, 1200 kapena 1500, nambala ikamakwera ndiye kuti ndiyosalala kwambiri. Yotuwa imaonetsa zolakwika zonse, mupala, mupoperanso, mupalanso. Koma penti yachikasu, yofiira kapena yoyera imafuna pulayima yoyera pansi, apo bii mtundu umazilala. Ndipo bodi ikakhala yoti inaumbidwa ndi pulasitiki yofiira inu mukufuna yoyera, samalani, kufiira kuja kumatha kutulukira pamwamba nkukhala pinki. Ambiri amayamba apopera siliva kuti atseke.

Tsopano za mitundu ya penti, apa ndi pomwe anthu amalira. Pali lacquer, enamel ndi acrylic. Lacquer ili ndi thina (mankhwala osungunulira penti) wamphamvu kwambiri, ndiye imapita pansi, enamel kapena acrylic zikhoza kubwera pamwamba pake. Mukatembenuza, lacquer pamwamba pa enamel, penti yapansi imakwinyika mukuona. Zitini za Tamiya zoyamba ndi TS ndi lacquer, Mr. Color nayonso ndi lacquer. Ine ndimati musakhulupirire chitini chilichonse musanachiyese pa sipuni ya pulasitiki, pulayima yomweyo, penti yomweyo, clear yemweyo, sipuni ikaonongeka palibe amene adandaule.

Popopera, khutchumulani chitini mokwanira, chiikeni kaye m'madzi ofunda, ofunda basi osati otentha, ndipo osachiyandikiza pamoto olo pang'ono. Chikafunda penti imatuluka yosalala. Imani pa 20 mpaka 25 cm, yambani kupopera kunja kwa bodi, dutsani, nkusiyira kunja mbali inayo. Ulendo woyamba ndi wachiwiri mungowaza pang'ono moti pulayima ikuonekabe, dikirani mphindi 15 kapena 20 pakati, kenako ndi pomwe mupopera yonyowa. Mukatalikira kwambiri penti imauma isanafike, bodi nkukhala yokhakhala ngati khungu la lalanje, mukayandikira kwambiri imayenderera nkusonkhana m'munsi mwa zitseko. Tsiku lachinyezi ingosiyani, lacquer imachita mbuu. Mukamaliza vindikirani ndi kontena yoyera fumbi lisagwerepo. A airbrush (kamfuti kopopera penti ndi mpweya) inu, nsonga ya 0.3 mm ndi mpweya wa 15 mpaka 20 psi zimakwana ntchito zambiri.

Kenako kudikira, komwe kumavuta kuposa zonse chifukwa manja amayabwa. Lacquer imauma msanga pamwamba koma ipatseni masiku angapo musanapale. Enamel ndiye sabata kapena kupitirira, inunkhizeni, ngati ikumvekabe fungo la thina sinakhwime, mukaigwira chala chanu chidindika pompo. Nthawi imeneyi ndi yomangira injini ndi mipando.

Ma decal, timasitika tomata ndi madzi, amafuna malo onyezimira, pa penti yosawala mpweya umatsalira pansi nkumaoneka ngati siliva m'mbali. Pali mankhwala othandiza decal kumata bwino, Micro Set pansi, Micro Sol pamwamba, ndipo decal ikayamba kukwinyika mutathira Micro Sol musaikhudze chonde, imadziwongola yokha ikamauma. Clear pamwamba pake muyambe mowaza pang'onopang'ono, yambiri nthawi imodzi imadya decal. Clear ikakhwima palani ndi sandipepa ya 2000, 3000, ena amafika 12000 ndi Micro-Mesh, nkumalizira compound, phala lopolishira, pa kansalu kofewa. M'makona musapalemo, clear ndiyopyapyala kumeneko, mungoona penti ikutuluka pa sandipepa basi mwaboola. Za clear wa 2K, wosakaniza ndi mankhwala oumitsa, amawala inde, koma ali ndi ma isocyanate, mankhwala oononga mapapo, amafuna masiki yeniyeni ya mafyuluta ndi malo opita mphepo, komanso kwa ine amawala mopitirira, galimoto ya 1970 nkumaoneka ngati yaviikidwa m'madzi.

Guluu naye ali ndi malamulo ake. Tamiya Extra Thin amasungunula pulasitiki kuti zigwirane, choncho sagwira pa penti kapena pa chrome (zokutira zowala ngati siliva), palani kaye pomwe mukumatapo. Super glue pa magalasi ayi ndithu, nthunzi yake imasiya zoyera zomwe zimavuta kuchotsa, gwiritsani guluu woyera wa PVA yemwe amauma moonekera. Chrome ya mu bokosi ikakhala yowala mwachidole, kapena ili ndi mzere wa chikombole pakati pa bampala, iviikeni mu bleach ichoke, mupale, mupopere yakuda yonyezimira kenako Alclad, penti yooneka ngati chrome. Timizere ta chrome tozungulira mawindo ndi Bare-Metal Foil, kapepala kachitsulo kopyapyala komata, kampeni kodulira kakhale katsopano, kobuntha kamang'amba.

Matayala musawaiwale, ali ndi mzere pakati pomwe amagunda pansi, apalenipo ndi sandipepa ya 400 mpaka kuwala kuchoke aoneke ngati anayendapo. Ndipo matayala ena a vinyl amadya pulasitiki akakhudzana nthawi yaitali, ndiye rimu muipente mbali zonse, ndipo mu bokosi musawasiye atagona pa galasi, akulungeni mu kapepala pawokha.